Wosewera Womaliza wa a Zgambo

Mukafika pa depoti ya Mzimba n'kufunsa a Wallace Zgambo, akulozerani khonde la sitolo ina ya zitsulo, pamene pali benchi lopendekeka ndi mulu wa nsapato zopanda zinzake. Bamboyo amasoka nsapato kuyambira ali mnyamata, ndipo amasoka bwino, pa zimenezo palibe wotsutsa. Koma mukawafunsa ntchito yawo, za nsapato sanena ayi. Amagwira chikope ndi chala chodetsedwa ndi guluu n'kuchikokera pansi pang'ono. "Ntchito yanga ndi iyi," amatero. "Ine mpira ndimauona mwa munthu asanaumenye n'komwe."

Eni akewo mpira sanasewerepo. Amati ndi bondo. Bondo lake liti, sizidziwika, poti lero atsimphina kumanzere, mawa kumanja.

Timu yawo ndi Depoti Yunayitedi, timu ya anyamata a kabaza, oitanira minibasi ndi onyamula katundu wa apaulendo. Mpira wa timuyo ukaphulika, osoka ndi a Zgambo. Jombo zikayasama kukamwa, a Zgambo. Ukonde wa pagolo utadyedwa ndi mbuzi, anaulumikiza ndi iwo omwewo. Zonsezi ulere, chaka ndi chaka. Tsono akomiti, posowa chowathokozera, anakhazikitsa kamwambo kalekale. Chaka chilichonse posankha osewera, kochi amayamba kutola ake, wapampando n'kulowetsa ana a achimwene ake, msungichuma mlamu wake, ndipo malo amodzi omaliza, otsalira aja, amawasiyira a Zgambo. Atchule aliyense amene diso lawo lamuona, palibe wofunsa.

Kwa ena kanali kanthu kachabe, koma kwa a Zgambo unali moyo. Tsiku losankhalo ankavala jekete, kupesa ndevu, n'kukhala pa benchi limodzi ndi akomiti. Munthu amene chaka chonse amaweramira mapazi a anzake, tsiku limenelo anthu ankayang'ana pakamwa pake. Mawu akuti "Nanga a Zgambo, wanu ndani?" ankawakhutitsa mpaka chaka chinacho.

Vuto linali limodzi lokha: disolo linkanama.

Anatolapo mnyamata waliwiro loopsa, ndipo liwirolo linamufikitsa ku Joni mwezi womwewo, jezi ya timu ili m'thupi. Anatolapo goloboyi wamtali wogwira mtanda osadumpha, koma zinadziwika mochedwa kuti amapemphera Loweruka, pamene masewero onse a m'boma amachitika Loweruka. Wina pokonzekera ankachita zodabwitsa ndi mpira, koma akangoona chigulu cha anthu m'mimba munkatseguka. Marjory Ngwira, mayi wokazinga chipisi pafupi ndi khondelo, amenenso amatsogolera nyimbo za ochemerera, ankanena poyera kuti a Zgambo akakuuzani kuti lero kugwa mvula, inu yanikani ufa.

Chaka chathachi, chimanga chitangouma m'munda, a Zgambo anapita ku Edingeni tsiku la msika kukafuna zikopa. Ali pakati potsitsa mtengo, ng'ombe yokoka ngolo inadzidzimuka ndi njinga yamoto, inadula chingwe, n'kuliyatsa liwiro kulunjika kumene amayi anayala tomato. Msika wonse unabalalika. Bondo la a Zgambo linachira nthawi yomweyo, ndipo anapezeka ali pamwamba pa matumba a mtedza osadziwa kuti akwerapo bwanji. Ali pamwambapo anaona chinthu chimene sanachiiwale. Mnyamata wina wamkulu ngati nkhokwe anaima pakati pa njira, manja atatambasula. Ng'ombe inam'gunda pachifuwa. Iye anangobwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuigwira nyanga, n'kuyamba kuinong'oneza ngati akutonthoza mwana.

A Zgambo anatsika pa matumba paja. "Mwana wanga, dzina ndiwe yani?"

"Providence Thole, adada."

"Mpira unayamba wasewerapo?"

"Kusukulu, adada. Akasowa mtengo wa golo ankandiimika ine."

Kwa a Zgambo yankho limeneli linali lokwanira.

Tsiku loyesa osewera, Providence anafika wapansi kuchokera kwawo. Atauzidwa kuti azungulire bwalo, anzake anamaliza, anamwa madzi, ena anakambako za atsikana, iye akubwerabe. Atam'patsa mpira kuti amenye, unadutsa pamwamba pa golo, pamwamba pa mitengo ya bulugama, n'kukagwera ku chigayo. Kochi wa timuyo, Bestone Kachingwe, mphunzitsi wa pulayimale wochokera ku Dedza, anavula kapusi n'kudzikanda m'mutu.

"A Zgambo, mwabweretsa wosewera kapena khoma?"

"Khoma, a kochi. Ndi chimene timu yathu ilibe."

Wapampando, a Zondwayo Mvula, mwini maminibasi awiri, anali ndi mwana wina wa achimwene awo amene anatsala kunja. Anapumira m'mwamba. "Tam'tenga, poti ndi mwambo. Koma a Zgambo, komiti yatopa. Uyu akakhala ngati ena aja, mbwenu chaka chamawa malo ano mulibe."

Anthu anaseka, ndipo a Zgambo anasekanso nawo. Madzulo ake anang'amba jombo ziwiri zakale n'kuzilumikiza kuti zikwane phazi limodzi la Providence, poti m'sitolo zonse za pa boma saizi yake munalibe.

Kuyambira pamenepo khonde la a Zgambo linasanduka bwalo la milandu, ndipo woimbidwa mlandu anali Providence. Aliyense wodikira minibasi ankaponyapo ake.

"Ntchafu zilipo," wina ankatero.

"Ntchafu zimagoletsa?" ankafunsa Marjory, akutembenuza chipisi. "Munthu woti pofuna kutembenuka amayamba wabwerera m'mbuyo ngati lole! Mpaka wina azim'kuwira kuti bwera, bwera, ima!"

Keith, wakabaza amene amaonera mpira wa ku Ulaya pa foni yosweka galasi ndipo pa chifukwa chimenecho amadziwa zonse, ankapukusa mutu. "Kunja munthu wotereyu amamuika pa geti kuti aziona matikiti. Mpira wa masiku ano ndi liwiro, madala. Liwiro ndi nzeru."

"Komatu nthawi zina wosankhidwa komaliza ndi amene amadzatchuka," wina ankatero.

"Tchula mmodzi."

Apa aliyense ankayang'ana a Zgambo, iwo n'kuweramira nsapato.

Ena ankati akachepetsa kudya akhoza kuthamanga. Ena ankati akachepetsa kudya ndiye watha, poti chimene ali nacho ndi thupilo basi. Mkangano wa kulemera kwake unakula mpaka tsiku lina anam'tengera kwa ogula soya kuti akam'kweze pa sikelo yopachika mu mtengo. Providence, munthu wosadziwa kukana, anagwira ngowe n'kukweza miyendo. Nthambi inathyoka. Mpaka lero kulemera kwake sikudziwika, koma mwini sikelo sayankhulana ndi aliyense wa Depoti.

A Zgambo ankayankha akatopa nazo. "Inu mumaona ogoletsa okha," ankatero, ulusi uli kukamwa. "Chigoli chimene sichinalowe simuchiona. Alipo anthu ena amene ntchito yawo ndi yoti chinthu chisachitike. Amenewo palibe amawaimbira nyimbo."

"Mwayamba kulalika," ankatero Marjory. "Musokere munthu nsapato azipita."

Miyezi yoyamba Providence anaithera pa benchi, ndipo iye akakhalapo ena awiri ankakhala pansi. Kenako zinachitika zimene zimachitikira timu iliyonse ya ku Mzimba. Wotchinga kumbuyo mmodzi anakwera basi ya ku Joni, wina anapita kukagulitsa fodya n'kusowa ndi ndalama zomwe. Nthawi yomweyo munthu wina wofuna kudzaima pa chisankho anakhazikitsa bonanza ya matimu a kummwera kwa boma, mphoto yake chikho, majezi atsopano ndi thole la ng'ombe. Kochi analibe pothawira.

"Tamvera," anamuuza Providence. "Usathamange. Usaganize. Pamene pali munthu, iwe ima pomwepo."

Providence anaima. Ogoletsa a matimu ena ankabwera ndi liwiro lawo ndi nzeru zawo, n'kumugunda, n'kugwa chagada, n'kudzuka akufunsa kuti kwachitika chiyani. Iye ankawadzutsa, kuwasansa fumbi, n'kupepesa. Oimbira mpira ankasowa chom'patsira khadi, poti munthu woima chilili sapalamula. Depoti inadutsa ndime yoyamba osagoletsedwa, yachiwiri chimodzimodzi, mpaka inapezeka mu ndime yotsiriza.

Pa khonde paja mphepo inatembenuka. Keith anayamba kunena kuti iye anaona kale kuti mnyamatayo ali ndi tsogolo, ndipo kuti ku Ulaya makochi akusakasaka anthu otere. Marjory anapeka nyimbo ya khoma la ku Edingeni. Mkangano tsopano unali woti adzam'tenga ndi timu iti, ya ku Mzuzu kapena ya ku Lilongwe, ndiponso ngati mu ndege muli mpando wom'kwana. A Zgambo sankanena zambiri. Zoona zake n'zakuti ankachita mantha. Kulakwitsa anali atakuzolowera ngati nsapato yakale, koma kulondola kunali kwachilendo, ndipo sankadziwa kuti munthu amakhala bwanji akalondola.

Ndime yotsiriza inaseweredwa pa bwalo lina pafupi ndi Embangweni, dzuwa la Seputembala likuswa mtengo. A Depoti anapita pa lole, ng'oma ndi mavuvuzela, Marjory ataima kutsogolo chitenje atamanga m'chiuno. Adani awo anali eni dera, timu yotchedwa Mikondo, ndipo mkondo weniweni pa timuyo unali umodzi: Jason Hara, kamnyamata kowonda, kopanda ndi ndevu zomwe, kamene ochemerera ankakatcha Udzudzu chifukwa umakamva kataluma kale.

Matimu akulowa m'bwalo, kochi anakokera Providence pambali. "Ukuona namba naini uyo? Ameneyo ndi wako. Akapita kukamwa madzi, upite naye."

Providence anayang'ana. Nkhope yake inasintha, anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma kherere linalira.

Sipanatenge nthawi. Jason analandira mpira pakati, anadutsa mmodzi, anadutsa wachiwiri, n'kulunjika pa khoma lija. A Depoti anayamba kale kuseka, podziwa zimene zimachitikira anthu pamenepo. Koma Providence anaphatikiza manja, anapinda mawondo pang'ono, maso pansi, n'kupatuka mwaulemu ngati munthu wokumana ndi wamkulu pa kanjira ka m'munda. Jason anadutsa. Chigoli.

"Waterereka," anatero a Zgambo, ngakhale kuti mvula inali italeka kalekale.

Kachiwiri zinali chimodzimodzi, kungoti ulendo uno Providence anaombanso m'manja pang'ono pamene Jason ankadutsa. Zigoli ziwiri kwa duu. Nyimbo ya khoma inafera pakamwa pa Marjory.

Pa nthawi yopuma kochi anafika thovu lili kukamwa. "Wagulitsa masewero! Akupatsa chiyani? Nena!"

Providence anali atakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo. "Ndi atatavyala, a kochi."

"Ndi chiyani?"

"Apongozi ake aamuna," anamasulira Marjory, ndipo mawu ake anali atatsika.

"Kamwana kaja? Mukundiyesa chitsiru?"

Nkhani inali yotere. Providence anali atayamba kale kupereka ng'ombe za malowolo kubanja la a Hara, kufuna mwana wawo Towera. Jason anali chitsirizira cha agogo ake a Towera, wobadwa kwa mkazi wamng'ono nkhalambayo itatha kale mano. Choncho Jason ndi mng'ono wawo wa bambo ake a Towera, ndipo mng'ono wa bambo ndi bambo basi, kaya ndevu ali nazo kaya alibe. Mkweni, ndiye kuti mkamwini m'chinenero cha kumeneko, satsekereza njira ya atatavyala, sawagunda phewa, sawayang'ana ndi m'maso momwe. Ndipo ukayang'ana tsidya lina la bwalo, pansi pa mtengo wa muwanga, bambo ake a Towera anali atakhala pa mpando, chipewa kumutu, ndodo pakati pa miyendo, akuona zonse. Kumbuyo kwawo kunali Towera mwini wake.

Anthu a ku Mzimba onse amene anali pamenepo anamvetsa. Wokuwa anatsala kochi yekha. "Mu mpira mulibe apongozi!"

"Kwanu ku Dedza mwina," anatero Marjory.

Kochi anayang'ana pa benchi kuti asinthe munthu. Panali ana a achimwene a wapampando, wina atavala jinzi, wina akudya nzimbe. Anatembenuka n'kumenya chidebe cha madzi.

Apa a Mvula anawagwira a Zgambo pa mkono n'kupita nawo pambali. "Mnyamatayu amamvera imwe. Muuzeni am'gwetse kamodzi kokha, kamwanako kachite mantha. Kamodzi pera. Apo ayi, mukudziwa zimene tinapangana."

Ndipo zinali zoona. Providence ankawamvera a Zgambo ngati bambo ake omubala. Akanati "m'gwetse," akanam'gwetsa, n'kukalirira kunyumba. A Zgambo anabwerera pamene panali mnyamatayo, mawu aja ali kale pa lilime. Providence anadzutsa mutu n'kuwayang'ana, kudikira. A Zgambo anaona ng'ombe zija zikubwezedwa ku Edingeni, mudzi wonse ukuonerera. Anaonanso tsiku losankha osewera chaka chamawa, iwo ali pa khonde ndi nsapato za eni ake. Zonse ziwiri zinawawawa, ndipo ndinene zoona, yachiwiriyo inawawawa kwambiri. Komabe mawu aja anakana kutuluka.

M'malo mwake anafunsa funso limene iwo eni sanadziwe kumene lachokera. "Kodi atatavyala akowo wawalonjera?"

"Yayi, adada. Mpata unalibe."

"Ha! Chigawo chonse ukukumana nawo, kumangowadutsitsa ngati galimoto, moni osapereka? Anakulera ndani iwe? Ukufuna a Hara anene kuti kwa a Thole kulibe mwambo?"

Providence anatutumuka. "Ndiye nditani, adada?"

"Ukakumana nawo, gwada patsogolo pawo. Patsogolo penipeni, osati pambali ngati wakuba. Uwalonjere mokwanira, mokweza, akulu awo amve. Ukakumana nawonso, uwalonjerenso. Moni satha."

Chigawo chachiwiri chitayamba, Jason anabweranso ndi mpira, akumwetulira, podziwa kuti njira ndi yotsegula. Providence anagwada kuti khu, patsogolo pake penipeni, fumbi n'kubuka. Munthuyo atagwada anali wotambalala ngati chitseko cha tchalitchi. Anaomba m'manja.

"Monire, atatavyala!"

Mawuwo anamveka mpaka kwa ogulitsa nthochi kumsewu. Tsono Jason ndi mwana woleredwa bwino. Mkamwini akagwada n'kupereka moni pamaso pa anthu, wamkulu n'kungodutsa osayankha, manyazi ake sagwera iye yekha, amagwera mudzi wonse wa a Hara. Miyendo yake inaima yokha mutu usanaganize.

"Yewo, monire akweni."

"Mwatandala uli, atatavyala?"

"Tatandala makora, kwali imwe…"

Pamene ankamaliza mawuwo, mpira unali utapita kalekale ndi mnyamata wa Depoti.

Bwalo linaphulika ndi kuseka. Ulendo wotsatira Providence anafunsa za kunyumba. Wotsatirawo anafunsa za ng'ombe, ina ndi ina potchula maina. Kenako za chifuwa cha agogo aakazi, ngati chayamba kupepuka. Jason anayesa kuzemba, koma kulikonse kumene ankakhotera ankapeza mkamwini atagwada kale, poti kugwada kokha Providence anali nako changu. Anayesa nzeru ina, yoyankhiratu zonse ali pa liwiro: "Tili makora tose, na ng'ombe wuwo, na agogo wuwo, yewo chomene!" Koma kuchokera pansi pa muwanga paja kunamveka mawu a mkulu wake, ndodo ikugunda pansi.

"Iwe Jason! Yankha bwino! Akulonjera ndi munthu ameneyo, si galu!"

Bamboyo anali wochemerera Mikondo wa moyo wonse, ndipo ankaona bwinobwino kuti timu yake ikuphedwa. Koma kuti anthu akanene kuti kwa a Hara sayankha moni wa mkamwini, zimenezo ayi.

Osewera a Mikondo anazungulira woimbira. Iye anatulutsa khadi lachikasu, analiyang'ana, anayang'ana Providence ali chigwadire, n'kulibweza m'thumba. Lamulo loletsa moni sanalipeze. Mikondo, itasowa woluma, inayamba kukangana yokhayokha, ndipo Depoti inabweza chigoli chimodzi pa kona. Chachiwiri chinalowa chogunda bondo la munthu amene sankayang'ana n'komwe, koma chigoli ndi chigoli. Marjory anaimba mpaka mawu anasasa. Keith ankauza aliyense kuti njira imeneyi matimu akuluakulu akunja anayamba kale kuigwiritsa ntchito. A Zgambo anali ataima pa mzere, akupemphera kuti nthawi ithe afike pa mapenate.

Nthawi inali itatsala pang'ono kwambiri pamene Jason analandira mpira komaliza. Mnyamatayo anali atatopa ndi ulemu. Providence atagwada, iye anakankhira mpira pambali n'kudumpha kuti am'pyole pamwamba. Akanakhala munthu wamba akanam'pyola. Phazi linakola paphewa, ndipo Jason anazungulira m'malere n'kugwa moipa, mwendo utapindikira pansi. Analira ngati mwana, poti analinso mwana.

Woimbira anatambasula manja kuti mpira upitirire. Mpirawo unali utaima pafupi ndi bondo la Providence, golo ili kumbuyo kwake, goloboyi ataterereka. Chimene chinkafunika n'kungoumenya basi, upite ku chigayo chilichonse chimene ungafune.

"Chotsa!" linakuwa bwalo. "Chotsa mpirawo!"

A Zgambo anakuwa nawo. Anakuwa kuposa onse, mitsempha ya m'khosi ili panja. "Providence! Ndapota, mwana wanga, chotsa!"

Providence mpirawo sanauyang'ane n'komwe. Anakwawa pa mawondo, analowetsa mikono pansi pa atatavyala ake, n'kuwanyamula mosamala ngati thireyi ya mazira. Mnyamata wina wa Mikondo anafika n'kungoukankha mpira uja ndi chala chaphazi. Unagubuduka pang'onopang'ono mpaka mu ukonde. Kherere lomaliza linalira anthu a Mikondo ali kale m'bwalo.

A Zgambo anakhala pa chidebe chija kochi anachimenya. A Mvula anabwera, ndipo sanakalipe n'komwe, chimene chinapweteka kuposa kukalipa.

"Mwaona nokha, a Zgambo."

"Ndaona."

"Ndiye chaka chamawa…"

"Ndamva, a Mvula."

Wapampando anawagwira paphewa n'kupita kukakweza anthu mu lole. Chapatali Keith ankamveka akufotokoza kuti iye ananena kuyambira pachiyambi kuti munthu wotere ndi wa pa geti. Thole la mphoto linali kukokedwa ndi eni dera, likukana kuyenda. A Zgambo anaona zonsezi ngati za kutali. Chinthu chimodzi chokha chimene chinkawapatsa dzina pa boma chinali chitapita, ndipo ankadziwa kuti sichidzabweranso. Zinawapweteka kwambiri. Anayesa kumukwiyira mnyamata uja, anayesetsa ndithu, koma mkwiyo unakana kugwira.

Tsidya lija Providence anali atam'tsitsa Jason pa mphasa, amayi akumumanga mwendo ndi chitenje. Anagwada patsogolo pa bambo ake a Towera. Zimene anakambirana sizinamveke, koma bamboyo anayankhula nthawi yaitali, ndipo Towera anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, kaya ndi kuseka kaya ndi kulira.

Kenako mnyamatayo anadutsa bwalo lonse pa liwiro lake lija, thukuta lili chuchuchu, mawondo atasupuka ndi kugwada. Za malo a a Zgambo iye sankadziwa kanthu, poti tsiku limene wapampando ananena mawu aja anali ku chigayo kukatola mpira, ndipo palibe anamuuza. Anafika n'kunjuta patsogolo pawo, nkhope ili ndi nkhawa yeniyeni.

"Adada, ndinalonjera bwino?"

A Zgambo anam'yang'ana.

"Walonjera bwino chomene, mwana wanga," anatero. "M'boma lonse lino mulibe wolonjera ngati iwe."

Providence anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, n'kunyamuka kukathandiza kukweza ng'oma. A Zgambo anatembenukira kumbali n'kulira, pang'ono pokha, poti lole inali italiza kale hutala.